Waya Wopotera Kumanzere

Madzulo amenewo Aphunzitsi ankachonga makope patebulo, wailesi ikulira chapansipansi. Akazi awo, amene anali oyembekezera, anatulukira pakhomo la kuchipinda atagwira m'chiuno.

"Bambo, matenda ayamba."

Galimoto anali nayo, yogula kwa munthu miyezi iwiri yapitayo. Koma tinene zoona, Aphunzitsi ankangodziwa chiwongolero ndi hutala basi. Boneti anali asanaitsegulepo. Anakweza akazi awo kumbuyo pamodzi ndi alamu awo, mkulu wake wa mkaziyo, n'kuuyatsa wa kuchipatala.

Atapitirira nyumba zomaliza, pachitunda, kamuvi ka geji kanakwera mpaka pofiira. Kenako fungo la mphira wopsa. Kenako nthunzi kutsogolo konse. Anaima pambali n'kuzimitsa injini.

Mdima unali wa ndiweyani. Kumbuyo kunkamveka kubuula.

"Alamu, chitanipo kanthu! Mwana sadikira!" anakuwa alamu awo aja.

Aphunzitsi anafufuza mpaka boneti inatseguka. Nzeru inawabwerera ya kukhitchini: chikatentha, thira madzi. Anatsitsa chigubu cha madzi, anakulunga mpango pachivindikiro cha redieta, n'kuyamba kupotokola.

Dzanja linawagwira pamkono. Linali lozizira ngati mpope m'mamawa.

"Mukufuna mwanayo adzakuoneni ndi nkhope iti?"

Pambali pawo panaima bambo wa ovololo yothimbirira ndi oyilo. Analibe tochi. Mapazi ake sanamveke pobwera. Aphunzitsi anafuna kukweza foni kuti aunike kumaso, koma mtima unakana.

"Madzi ali umu ndi owira," anatero munthuyo. "Mukatsegula, akulavulirani kumaso. Mukathira ozizira panopa, injini ing'aluka. Dikirani."

"Tidikire bwanji, mayi ali..."

"Dikirani. Unikani apa."

Payipi ya pansi inali itavuka, kachitsulo koimangira katadyeka ndi dzimbiri. Madzi ambiri anathawira pamenepo. Munthu uja analowetsa dzanja lamanzere mu injini, popanda ngakhale kansanza. Chitsulocho dontho likagwerapo linkalira kuti tswii, koma iye osathawitsa dzanja. Anabwezeretsa payipi, anatulutsa waya m'thumba, n'kumanga.

Ndiye anangoima awiriwiri mumdimamo. Kumbuyo kubuula kunkakulirakulira. Aphunzitsi ankadzimva okha akupuma. Mnzawoyo sankamveka.

"Finyani payipi ya pamwambayo. Yafewa? Tsopano tsegulani pang'onopang'ono. Lizani injini, muzithira madzi mwa apo ndi apo. Mukamapita yatsani hita, mutsegule mawindo. Kamuvi kakakweranso, imani."

Anachita zonsezo ngati mwana wa sukulu. Atatseka boneti anatembenuka kuti athokoze. Msewu unali wokhawokha, uku ndi uku. Ulendo wonsewo sanayerekeze kuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Kamuvi kanakhala pakati mpaka pageti la chipatala.

Akazi awo anachira kusanache, mwana wamkazi wolira mokweza ngati belu la sukulu. Aphunzitsi anakhala pabenchi n'kulira nawo, opanda manyazi. Mtima unakhala pansi.

Masana anapititsa galimoto pagalaja ya kumunsi kwa chitunda chija, kuti aikepo chomangira chenicheni. Makaniko anasuzumira pansi pa redieta. Anaitana mnzake. Anayamba kunong'onezana.

"Wamanga ndani apa?"

Aphunzitsi anafotokoza.

Makaniko anavula chipewa. "Onani wayayu, wapotera kumanzere. Aliyense amapotera kumanja. Abwana athu okha, amene anatiphunzitsa ntchitoyi, anali amanzere. Tinawaika chaka chatha. Lole inawawomba pachitunda pomwepo, atawerama pagalimoto ya munthu yomwe inawira."

Aphunzitsi anafunsa kuti, "Ndiye muchotse, muikepo chatsopano?"

Makaniko anaseka, misozi ili lengelenge, n'kutseka boneti mosamala.

"Ine ndimasule ntchito ya abwana? Mukufuna kundiyambanitsa nawo? Pitani mukatenge mayi ndi mwana. Apa sipadzadonthanso."