Mpando wa Azakhali Noelene

Anzanganu, ndikuuzeni, mpando uja ndautenga ine! Kuyambira Loweruka likubwerali, woombeza makadi a taroti patebulo la Azakhali Noelene, kumsika wathu wa madzulo kuno ku Queensland, ndine Bridie, osati Tahlia!

Tahlia ndi msuweni wanga. Ine ndinaloweza tanthauzo la khadi lililonse, loongoka ndi lozondoka lomwe, mpaka homuweki kumaiwalika. Iye sanatsegulepo buku. Amangoyang'ana chithunzi n'kuyamba kulankhula, anthu n'kumagwetsa misozi. Azakhali amati, "Mwana uyu ali ndi maso." Za ine amangoti, "Bridie amalimbikira." Zimandibaya bwanji!

Loweruka lapitali msika unatsekedwa msanga chifukwa cha mvula. Azakhali anapita kukatenga galimoto, n'kutisiya tikulongedza. Fungo la soseji ndi anyezi linali litazilala. Magetsi ankazima limodzilimodzi.

Kenako go! go! go! patebulo. Ndi mmene timagogodera mulu wa makadi tisanaombezere munthu watsopano. Koma tonsefe sitinawakhudze.

Pampando wa makasitomala panali mayi. Jasi lake linkadontha madzi amatope. Sitinamumve akubwera.

"Tatseka, mayi," anatero Tahlia.

"Sitinatseke, iwe!" ndinamudula. Mwayi wanga unali umenewu. Ndinasakaniza makadi n'kutembenuza limodzi. Linali khadi la Mwezi. Ndinayamba kulakatula: chinyengo, mantha obisika, ulendo wamumdima...

Mayiyo sanandicheukire n'komwe. Maso ake anali pa Tahlia.

"Iwe mwanawe. Ukuona chiyani?"

Ngakhale ameneyu akufuna Tahlia!

Tahlia anasuzumira khadilo.

"Madzi afika padenga," ananong'ona. "Mayi, mukufuna njira yakwanu. Koma nyumbayo kulibenso."

Mayiyo anamwetulira. Nyali za galimoto ya Azakhali zinawala mutenti mwathu. Pampando panangotsala chithaphwi.

Kutacha, anthu anamupeza Tahlia atakhala pamlatho, wopanda nsapato, osadziwa kuti wafikapo bwanji. Tsopano akuti khadi lililonse limene watembenuza, mayi uja ali chakumbuyo m'chithunzimo, ndipo akusenderabe pafupi. Makadi ake Tahlia anawataya m'bini. Ogulitsa makandulo akunong'onezana kuti mayiyo ndi mmodzi mwa amene anakokoloka ndi madzi osefukira kalekale, ndipo amatsata okhawo amene amamuona pamakadi.

Dzulo Azakhali anandiitana.

"Mpando ndi wako, Bridie. Koma zam'buku zokhazokha, wamva? Usamayang'anitsitse zithunzi."

Ndinavomera uku ndikudumphadumpha. Koma nditafika kunyumba ndinatulutsa khadi la Mwezi lija, n'kuliyang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Tahlia wosawerenga uja anatha kumuona, ndiye ine ndilephere?

Ndipo anzanga, nkhani yokoma koposa ndi iyi. Kuseri kwa nsanja yakumanzere m'chithunzimo ndaonako kansonga ka jasi. Khadilo ndi lonyowa. Nanenso ndili ndi maso!