Tanki Yachitatu

Foni inalira akusita malaya oyera a bwenzi lake. Anali mnzake wa kuntchito, wa ku labu yoyezera mankhwala.

"Asisi, mwamva? Tanki yachitatu yaonongeka. Chuku chonse chafa!"

Anakhala pansi mwadzidzidzi. Kufakitale kwawo amaweta chuku m'matanki akuluakulu, kuchidyetsa shuga ndi mpweya sabata yathunthu mpaka chitulutse mankhwala a penisilini. Kachilombo kachilendo kakangolowamo, zonse zimatayidwa. N'chifukwa chake paipi iliyonse amayamba aitenthetsa ndi nthunzi, ndipo iyeyo, woyang'anira ukhondo, amayenera kuona ndi maso ake asanasaine.

Lolemba lomwe ankakonza tanki yachitatu, sanaone. Bwenzi lakelo, woyendetsa matanki, anatumiza uthenga: "Uchi wanga, paipi ndatenthetsa kale. Usatsike masitepe ndi bondo lakolo, ingosaina. Ine ndingakunamize iwe?"

Akanakayika bwanji? Si yemweyu ankamumanga zingwe za masiki m'mawa uliwonse? Si yemweyu ankamusungira mpando wapawindo mu basi ya antchito, n'kumanong'ona kuti, "Chaka chino sichitha usanakhale mkazi wanga"?

"Pali chinanso," anatero mnzakeyo. "Buku lapageti likuti ola lotenthetsa paipi lija bwenzi lanu anali atatuluka. Anaperekeza kusikelo mtsikana wa kusitolo ya shuga uja. Mimba ija ndi yake, asisi."

Fungo la nsalu yopserera linadzaza chipinda. Simbi inali itadinda bala lakuda pathumba la malaya, pamtima penipeni.

Sanalire. Anangoti, "Ambuye, mundigwire lilime."

Mawa lake iye ndi bwenzi lakelo anaitanidwa onse awiri. Bwana wamkulu anakankha pepala patebulo.

"Mayi, zipatala zikudikira mankhwalawa. Ana odwala chibayo adikiranso mwezi wina. Ndani anasaina apa?"

Anayang'ana bwenzi lake. Mwina alankhula? Mwina aima ngati mwamuna? Koma iye ankangowerenga matailosi apansi.

"Ndine, bwana. Ndinasaina osaona."

"Inu? Zaka zisanu ndi ziwiri osalakwitsapo?"

Anatsegula uthenga uja n'kuika foni patebulo. Bwana anawerenga kawiri, n'kupukusa mutu.

"Nonse awiri musiye makadi anu pageti."

M'khonde, antchito ovala zoyera anapatuka kumupatsa njira. Mayi wokolopa anamugwira dzanja pang'ono. Zimenezo n'zimene zinamugwetsa misozi.

"Uchi wanga, dikira!"

Anatembenuka, n'kutulutsa m'chikwama malaya opserera aja, atawapinda bwinobwino.

"Tengani, bambo. Uchiwo mukaupereke kusikelo."

"Bambo? Ine lero ndakhala bambo?"

"Kachilombo kakalowa mu tanki, timatani? Munaphunzira inunso."

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, bondo likuwawa, opanda womugwiriza. Kumwambako mwamuna uja anagwada pamaso pa anzake onse, malaya ali m'manja, mawu ake akumveka kuposa phokoso la makina.

"Ndinakunamiza! Ndakuphera ntchito, ndakuphera mtima. Chonde, ndikhululukire!"