Kadiresi Kotsala pa Thanthwe

Nkhaniyi si yongotola kumpopi ayi. Inachitikira mlamu wanga, mkazi wa achimwene, ndipo alonda awiri a m'nkhalango anaona ndi maso awo. Onse alipo, mukhoza kukawafunsa.

Mlamu wangayo amasesa kumtsinje wa kuphiri, uja anautchingira kuti anthu asamadulemo mitengo kapena kuchapamo. Madzi ake ndi omwe timamwa m'mipopi kumunsi kuno. Kumtunda kuli mathithi ndi dziwe loyera mbee, moti umaona mwala uliwonse pansi, ndipo Loweruka anthu amabwera pa magalimoto kudzasambira ndi kujambulitsa. Iye zokongolazo alibe nazo ntchito. Amati mtsinjewo umakongolera amene satola mabotolo.

Ntchito ya kumeneko ili ndi lamulo lake. Osambira onse amavulira pa thanthwe lalikulu la m'mbali mwa dziwe. Dzuwa likapendeka mlonda amaimba wenzulo, anthu n'kutuluka, ndipo geti silitsekedwa mpaka thanthwelo litayera. Chovala chikatsala, ndiye kuti mwini wake akadali m'madzi.

Tsiku lina panatsala kadiresi kachikasu ka mwana, kopindidwa bwino. Alonda anafunsa galimoto iliyonse, koma palibe anati mwana wake wasowa. Anafufuza m'dziwe ndi nsungwi zazitali, osapeza kanthu. Mlonda wamkulu, yemwe anzake amamutcha Chipewa, anati kakasungidwe m'kanyumba ka alonda monga zotayika zonse. Mlamu wanga anakatembenuza, naona kuti n'katsopano ndithu, ndiponso saizi ya mwana wake wa zaka zitatu. Anakaponya m'chikwama. Chipewa anamuseka kuti alendo amabwerera ndi zithunzi, iye amabwerera ndi katundu.

Atafika kunyumba, mlamu wanga anakachapa, nakayanika. Zovala zina zonse zinauma gwa, koma iko kankangodontha pachingwe. Anakasita mpaka kanaoneka kouma, namuveka mwana. Kanamukhala bwino kwambiri.

Kuyambira pamenepo mwanayo anasiya kusewera. Ankangokhala pampopi wa panja, khutu ataligunditsa pa paipi. Ukamunyamula, khungu lake linali lozizira, likununkha ndere. Dzuwa likapendeka ankadzidzimuka n'kutembenukira kuphiri, chonsecho wenzulo sumveka kuno, ndi kutali.

“Ukumvera chiyani, mwanawe?” anafunsa mayi wake.

“Akuti nditulukemo,” anatero mwanayo. “Koma ndilibe chovala.”

M'mawa mwake mlamu wanga anamuvula kadiresiko, namuveka kake kakale kofiira, kong'ambika m'khwapa, n'kumusiya kwa amayi athu. Anakwera phiri, naika kachikasuko pa thanthwe pomwe kanapezeka. Sanauze munthu. Anagwira tsache lake.

Chakumadzulo kunagwa nkhungu. Mathithi ankamveka ngati ali kuseri kwa khoma. Mbalame zinali zii. Wenzulo unalira. Anthu anatuluka, navala, napita.

Pa thanthwe panatsala chovala chimodzi, chopindidwa bwino. Sichinali chachikasu. Chinali chofiira. Chong'ambika m'khwapa.

Mlamu wanga anatambasula dzanja. Chipewa anamugwira pamkono.

“Mayi, musakakhudze,” ananong'ona. “Thamangirani kunyumba.”

Anatsika phiri nsapato zili m'manja. Anapeza amayi atakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, atamukulunga m'bulangete. Amayi anati anangolowa m'nyumba kukatenga mbale, potuluka anamupeza ali chiimire pampopi wopanda chovala, tsitsi lili lonyowa, mchenga woyera uli pakati pa zala za kumapazi. Mpopi unali wotseka. Kadiresi kofiira kaja anakafunafuna pabwalo ponse, osakaona.

Mlamu wanga anagwira mwanayo pachifuwa. Thupi linali lofunda. Mwanayo anayetsemula, n'kupempha chakudya.

Alonda aja anachezera usiku wonse pa dziwe paja, ndipo onse awiri amalumbira kuti palibe anayandikira thanthwelo. Nkhungu itachoka m'mawa, panalibe chofiira kapena chachikasu.

Mlamu wanga anabwerera kuntchito Lolemba, poti ana amadya. Zotayika sazigwiranso ndi manja, amazikankha ndi tsache. Mwanayo ali bwino, chaka chino wayamba sukulu. Za phiri sakumbukapo kanthu. Koma ukamufunsa za kadiresi kofiira amayankha osadzutsa n'komwe mutu, kuti anamubwereka mnzake, ndipo mnzakeyo anati adzabweretsa yekha.