Mphindi Ziwiri za Wajekete

Anakumana pamalo okwerera basi, m'mawa wa Lolemba, kukuzizira koti zala zinkakana kugwira foni. Namwino anali ataima ndi kapepala m'manja, akuwerenga manambala a mabasi ngati mwana woyamba kumene sukulu. Basi yachiwiri itamupitirira, anadandaula yekha m'chinenero chakwawo.

"Koma ine ndiye ndavutika."

"Mwavutika chiyani, achemwali?"

Anatembenuka. Mnyamata wamtali, jekete lachikasu, kumwetulira mpaka m'makutu. Masabata atatu m'dziko la eni osamva liwu ndi limodzi lomwe lakwawo, lero nali! Misozi inalengeza.

"Ngati mukupita kusukulu ya Chingerezi, basi yake ndi ikubwerayi. Inenso ndimaphunzira komweko, kalasi yapamwamba. Tiyeni."

Kusukuluko aliyense ankangomutcha Wajekete. Lamulo la pamenepo linali lakuti ukalowa pakhomo, chinenero chakwanu uchisiye panja. Ndiye awiriwa ankakumana pamasitepe akumbuyo, pafupi ndi makina ogulitsa khofi, n'kumanong'onezana ngati akuba nkhuku.

Pa Chingerezi, Wajekete ankalankhula ngati ngolo yokwera chitunda. Koma m'chinenero chakwawo? Uchi wokhawokha! Mauthenga a pafoni ankabwera motsatizana.

"Duwa langa, wadya?"

"Dziko lino lilibe dzuwa, koma ine ndili nalo langa."

"Tikangomaliza sukulu ndikukwatira. Ndikanama, jekete ili lipse ine ndili momwemo."

Tsono Namwino sanabwere kudzamvera ndakatulo. Anasiya ntchito kwawo kuti adzanole Chingerezi, akalowe pachipatala china cha mumzinda wakutali, ulendo wa tsiku lonse pa sitima. Malo anali atamusungira. Chinatsala n'kusayina fomu ku ofesi ya sukuluyo pofika Lachisanu lotsekera teremu, apo ayi malowo apite kwa wina. Fomuyo inatha mwezi m'chikwama, ikupindikapindika.

"Usapite, moyo wanga. Ntchito tidzaipeza konkuno. Ukachoka ine ndifa, wamva? Ndifa!"

Mawu okoma, inde. Koma bwanji munthu wofuna kufayo kwawo sankamuitanirako? "Mwininyumba wanga ndi chilombo, salola alendo." Bwanji Loweruka lililonse, sukulu ikatenga ophunzira kukaona malo, iye sankaoneka? "Ndimagwira ganyu, duwa langa, ndikukonzera tsogolo." Nanga mauthenga aja, bwanji ankaduka ikangokwana sikisi madzulo, n'kudzayambiranso m'mawa ali kale m'basi?

Tsiku lina akufunafuna tikiti, m'thumba la jekete munagwa kasokosi. Kakang'ono, kofiirira, koti chala chachikulu n'kukadzaza.

"Ka mwana wa mwininyumba aka. Amakonda kuseweretsa matumba anga."

"Chilombo chija chimakusiyira mwana?"

"Iwe, ana sadziwa udani," anatero akuseka. Namwino anasekanso, koma maso ali pa kasokosiko.

Masana omwewo anaimbira achemwali ake aakulu kumudzi.

"Ndili ndi ana atatu akundikoka chovala, nena mwachidule," anatero achemwaliwo. "Kwawo unafikako?"

"Ayi."

"Madzulo amayankha foni?"

"Amakhala atatopa."

"Ndiye ukufuna ndikuuze chiyani? Foni ya mwamuna wosakwatira sigona limodzi ndi nkhuku. Sayina chipepalacho."

"Koma achemwali, simunamumve akulankhula..."

"Ndinamvapo wina. Anawa ndinawatola pamsewu?"

M'mawa mwake anamufunsa maso ndi maso pamasitepe paja. Wajekete analumbira pa manda a agogo ake, analira, anagwada pasimenti yozizira. Mawu ankangotuluka osapunthwa, bodza ndi zoona osazisiyanitsa. Namwino anamukhulupirira mpaka sikisi koloko.

Sabata yomaliza sukuluyo inkachititsa mayeso oyeserera a kulankhula. Wophunzira wa kalasi yapamwamba ankalowa m'kachipinda, aphunzitsi n'kumupatsa khadi la funso limodzi mwa mafunso amene anaphunzira kale, iye n'kulankhula mphindi ziwiri osaima. Wosunga nthawi, wa wotchi ndi kabelu, ankachokera kalasi yapansi, kuti aonere mmene zimakhalira. Aphunzitsi ankabwereza chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku: "Musapeke nkhani. Nenani zoona, chifukwa mawu a zoona muli nawo kale."

Namwino anaima pa ndandanda yomatidwa pakhoma n'kuganiza. Bodza limadya mawu ambiri. Wajekete mawu a Chingerezi anali nawo angati? Anapempha mnzake wa m'kalasi kuti asinthane nthawi. Mnzakeyo sanafunse n'chifukwa chomwe.

Lachinayi, teni koloko. Kachipinda kopanda zenera, tebulo limodzi, mipando itatu. Wajekete analowa akuimba kamluzu. Ataona amene wagwira wotchi, kamluzuko kanathera pakhosi.

Aphunzitsi, mayi wachikulire wa magalasi opachika pachingwe, anatembenuza khadi n'kuwerenga m'Chingerezi. "Fotokozani za nyumba imene mumakhala ndi anthu amene mumakhala nawo. Yambani."

Namwino anadina wotchi.

"Ine... ndimakhala ndekha," anayamba Wajekete. "Nyumba yanga ndi yaing'ono. Muli mpando. Muli... mpando wina."



Mwini uchi uja, lero lilime lauma? Thukuta linatsika m'khosi la jekete. Masekondi makumi atatu anapita pa mipando iwiri.

Aphunzitsi anamumvera chisoni. "Musachite mantha, bambo. Funso lomweli munaliyankha bwino kwambiri sabata yatha. Yambani ndi akazi anu, kenako mwana. Mano aja amera?"

Namwino sanakweze mutu. Manambala a pawotchi ankasambira m'maso mwake. Wajekete anamuyang'ana, maso akupempha chinthu chimodzi: imba belu, chonde, imba!

"Nthawi yatha kodi?" anafunsa aphunzitsi.

"Ikadalipo, aphunzitsi," anayankha Namwino. "Mphindi imodzi ndi masekondi khumi."

Akanatani? Wajekete anayang'ana patebulo n'kuyamba. Mkazi wake amagwira ntchito yochapa nsalu kuhotela. Anakwatirana zaka zinayi zapitazo. Amakhala pansanjika yachitatu, ndipo mkaziyo anadzala maluwa m'zitini pawindo. Mwana ndi wamkazi, wa miyezi isanu ndi itatu, mano awiri apansi amera. Loweruka amamulera yekha, amapita naye kupaki kukaona abakha.

Chingerezi chinayenda ngati madzi a pampopi. Sanapunthwe ngakhale pamodzi. Chimene chinamupweteka Namwino koposa n'chakuti ponena za abakhawo, munthuyo anamwetulira osadziwa.

Ngrii!

"Mwaona?" anatero aphunzitsi akuwomba m'manja. "Mukanena za anthu amene mumawakonda, simulakwitsa. Wotsatira!"

Panali enanso anayi. Namwino anawasungira nthawi onsewo, aliyense mphindi zake ziwiri zokwana. Atamaliza anabweza wotchi ndi belu, n'kutsika ku ofesi. Foni inkanjenjemera m'thumba ngati yagwidwa malungo.

"Duwa langa, si mmene ukuganizira."

"Banjalo linatha kale mumtima mwanga."

"Ndili pamasitepe. Bwera ndikufotokozere, moyo wanga!"

Kumufotokozera m'chinenero chiti? Anatulutsa fomu ija, naiwongola ndi chikhatho pa kauntala, nabwereka cholembera kwa mlembi. Siginecha inapotoka, koma mlembi anadinda chidindo chake osafunsa kanthu.

Anatulukira khomo lakutsogolo. Anayenda mpaka pa benchi ya kuseri kwa sitolo ya mankhwala, m'pamene anakhala pansi. Anaimba foni.

"Achemwali, munanena zoona."

"Sindimafuna kupambana ine. Wasayina?"

"Ndasayina."

"Sitima ndi ya liti?"

"Lolemba. Achemwali, ali ndi mwana... mano awiri..."

Kumbali inayo kunamveka chitseko chikutsekedwa, phokoso la ana n'kuchepa.

"Chabwino. Tsopano lira, mwana wa amayi. Ndakhala pansi, ndikumva."