Njoka M'injini

Uthenga unabwera ndi anthu ofula uchi: mlonda wamkulu wa nkhalango wagona, chifuwa chamugwira, sakuthanso kudzuka. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana, ndipo aliyense ankadziwa kuti mtsinje wa patsinde pa phiri ukangodzaza, msasa wa alonda sufikika mpaka dzinja litatha.

Mlondayo anali ndi ana awiri m'tauni. Wamkulu anali makaniko, amene anzake a pagalaja ankamutcha Sipanala. Mlongo wake anali namwino. Anabwereka galimoto yakale ya dizilo yoyenda m'tchire, n'kulongeza madzi, mafuta, khasu, nkhwangwa ndi bokosi la mankhwala.

Popita anavutika koma anafika. Mitengo yogwera mumsewu anadula, matayala otitimira mumchenga anafukula, mpaka manja a Sipanala anachita matuza. Bambo awo anawapeza atauma ngati nkhuni, koma pakamwa pali pomwepo.

"Mwabwera kudzandinyamula ngati thumba la makala?" anafunsa.

"Thumba silitsutsa, bambo," anatero namwino, akuwagoneka pamatiresi kuseri kwa mpando wa dalaivala.

Anagona pamsasapo, ndipo kutacha ananyamuka. Atangoyamba kukwera phiri, Sipanala anamva kuti zinthu sizili bwino. Ankaponda moto mpaka pansi, injini n'kumabangula, koma galimoto inkangokwawa ngati ng'ombe ya njala. Anatsitsa giya. Anatsitsanso. Kenako anaima.

"Chavuta n'chiyani, achimwene?"

"Mphamvu palibe. Mwina ikubanika."

Anatulutsa sefa ya mpweya, n'kuimenyetsa patayala. Fumbi linatuluka, koma losakwanira kupha injini. Anamasula sefa ya mafuta poganiza kuti muli madzi, koma dizilo anali woyera. Utsi nawo unali wa masiku onse. Anapukuta thukuta, n'kubwerera pampando.

Phirilo analikwera ngati kamba. Pena namwino ankatsika kukaika mwala kuseri kwa tayala kuti galimoto isabwerere. Chakudya chinali chitatha dzulo lake, chifukwa zambiri anasiyira alonda a pamsasa, ndipo madzi otsala ankasungira wodwala. Dzuwa litapendeka anafika pamwamba, milomo itachita mamba.

Potsika m'pamene imfa inawasuzumira. Njira inkatsetsereka n'kukhota, ndipo pamkhotopo panali njovu zikuwoloka ndi ana awo. Sipanala anaponda mabuleki. Chopondera chinali gwa ngati mwala. Anapondanso ndi miyendo yonse iwiri, msana utakanikiza mpando, koma galimoto inkangopita. Anakoka buleki ya pamanja, n'kukhotetsera pachulu cha m'mbali mwa njira. Inagunda, n'kutsamira pomwepo.

Njovu yaikazi inatembenuka, n'kutambasula makutu, n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Kenako inakankha mwana wake ndi chitamba, gulu lonse n'kulowa m'tchire.

M'mutu mwa Sipanala munali mutayera.

"Ndazindikira," anatero. "Matenda ndi amodzi. Muli kapampu koyamwa mpweya m'mapaipi. Kuyamwako n'kumene kumafewetsa mabuleki, n'kumenenso kumatsegulira injini mphamvu pachitunda. Penapake paboola, mpweya ukulowa."

"Ndiye tsekanitu."

"Ndipapeze kaye."

Anasiya injini ikulira, n'kuyamba kutsatira mapaipi ndi zala. Anali ambiri, akuda okhaokha, ena olowera kumene dzanja silifika. Anatchera khutu, koma makutu ake anali atagonthetsedwa kale ndi nyundo za pagalaja. Kumadzulo kunagunda, mphepo yozizira inayamba kugwedeza udzu. Anakhala pabampala, n'kugwira mutu. Anali atatopa mpaka m'mafupa, ndipo kanthawi kochepa anaganiza zongogona pomwepo, mvula ichite zimene ikufuna.

"Iwe," bambo ake anamuitana ndi mawu osasa. "Njoka yakoyi uichotsa liti? Yanditopetsa."

Namwino anawagwira pachipumi, poyesa kuti malungo akwera.

"Chotsa dzanja, mutu wanga ulipo. Kuyambira m'mawa ikungoti siii, kutsogolo kwa mapazi a dalaivala. Akaponda buleki imasintha mawu. Ndatha moyo wanga wonse ndikumvetsera zokwawa m'udzu, ndingalephere ya m'chitsulo?"

Sipanala anadzuka. Anapisa mkono kuseri kwa injini, pafupi ndi khoma lolekanitsa injini ndi dalaivala, chitsulo chotentha chikumuwotcha chigongono. Chala chake chinagwera pabowo, ndipo bowolo linachiyamwa. Nthawi yomweyo kulira kwa injini kunasintha. Atazimitsa n'kusolola paipiyo, anaona mano ang'onoang'ono m'mbali mwake.

"Makoswe a kumsasa kwanu, bambo."

"Amenewo anandidyera nsapato. Sasankha."

Anadula podyedwapo, koma zidutswa ziwirizo sizinkafikana. Anasanthula m'bokosi la zida osapeza kanthu. Namwino anatsegula bokosi lake, n'kutulutsa jakisoni wamkulu. Anachotsa singano ndi chokankhira, n'kudula nsonga, kutsala kachubu.

"Aka sikangalowe?"

Kanalowa mothina mbali zonse. Anakulunga pulasitala, n'kumanga ndi waya. Kenako Sipanala anatseka mbali imodzi ndi chala, n'kuyamwa mbali inayo ndi pakamwa. Paipi inamamatira palilime osagwa. Analavula, n'kuibwezera.

Madontho oyamba anawapeza akutsika. Mabuleki anali atafewa, ndipo galimoto inkamvera phazi ngati yatsopano. Pofika pamtsinje mvula inali ikukhuthuka, madzi ofiira akunyamula zinyalala ndi nthambi. Sipanala analowamo wapansi ndi ndodo kuti ayese. Anamufika m'ntchafu, ndipo ankakwera akuona.

"Tikadikira, tigona kuno mpaka dzinja lithe," anatero. "Uwagwire bwino bambo."

Madzi anamenya chitseko, n'kulowa pansi pa mipando. Pakatikati matayala a kumbuyo anaterereka, galimoto n'kuyamba kupendekera kumene madzi ankapita. Anaponda moto. Injini inayankha ndi mphamvu zake zonse, matayala anagwira miyala, ndipo anatulukira tsidya lina madzi akuchucha.

"Waoloka bwino," anatero bambo ake. "Ine ndigoneko tsopano."

Anayenda m'matope mpaka mitengo inayamba kuchepa, minda n'kuyamba kuoneka. Matayala atangokhudza phula, namwino anaika dzanja paphewa la mchimwene wake.

"Musathamangenso, achimwene."

Sanacheuke. Anachotsa phazi pamoto pang'onopang'ono, n'kuimika m'mbali mwa msewu. Anakhala choncho, mvula ikugogoda padenga, injini ikulira bwinobwino ngati kuti sinadwalepo. Kenako anavula jekete lake n'kupatsa mlongo wake kuti awafunditse kumaso.

Sanakhotere kuchipatala. Anapita kunyumba, kumene mayi awo anali ataimirira pakhonde kuyambira masana. Ataona mmene galimoto inkalowera pang'onopang'ono, anatsika masitepe, n'kugwira chitseko chakumbuyo chodzaza matope.

"Mwabwera nawo?"

"Tabwera nawo, amayi," anatero Sipanala. "Sitinawasiye kutchire."