Chisanza cha Dovu m'Chitini

Mafunso anapeza bambo ake atanjuta kuseri kwa khola, akutsekera chisanza chonyowa m'chitini chakale cha penti. Dzina lakuti Mafunso mtsikanayu anam'patsa ndi aphunzitsi a sayansi atatopa ndi mkono wake wosatsika m'kalasi, ndipo linam'tsatira mpaka kunyumba.

"Bambo, n'chiyani chimenecho?"

"Dovu la ng'ombe za aneba. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi aja afika kwawo. Mawa amalume ako akabwera kudzandigwirira, tipaka chisanzachi m'kamwa mwa ng'ombe zathu zonse."

"Kuti zidwale dala?"

"Zidwalire limodzi, zichirire limodzi. Kusiyana n'kuti lero iyi, mwezi wamawa iyo, chaka n'kutha tikulera odwala. Tinatero iwe ukukwawa, ndipo sinafe ngakhale imodzi."

Mtsikanayo anasuzumira m'khola. Kathole kake kamasiye, kamene ankakamwetsa yekha mkaka wa m'botolo, kanali kakunyambita mtengo wa pachipata. Mantha anam'gwira.

"Nakonso, bambo?"

"Nakonso."

"Nanga mwadziwa bwanji kuti matenda a chaka chija ndi omwewa?"

"Dovu ndi dovu, mwana iwe. Kodi pakamwa pakopo sipatopa?"

Pakamwa panatsekeka, koma miyendo ayi. Mafunso anadutsa m'munda mpaka kwa aneba, kumene galimoto ya adokotala a ziweto inali itaima pachipata, pambali pa beseni la mankhwala opondamo. Podziwa kuti akapempha am'bweza, anakwawa pansi pa waya wa kuseri. Pamthunzi panagona mwana wang'ombe wakufa. Anam'kanula kukamwa, n'kuyang'ana lilime, nkhama, kenako pakati pa ziboda. Panalibe chilonda ngakhale chimodzi.

"Iwe! Walowera kuti?"

Anali adokotala, mayi wamfupi wovala ovolosi yoyera ndi magolovesi ofika m'zigongono. Wina akanathawa, koma Mafunso anatulutsa funso m'malo mwa pepani.

"Adokotala, wafa bwanji alibe zilonda?"

Mayiwo anam'yang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu. "Walowa kale, ndiye bwera uone."

Patebulo lachitsulo panali mtima wa mwana wang'ombe wina amene anali atang'amba. Unali ndi mizere yotuwa, ngati nyama yothiridwa madzi otentha.

"Ana ang'ombe ambiri amafa chonchi, zilonda zisanatuluke n'komwe," anatero adokotala. "Kachilombo kamathamangira ku mtima."

"Koma bambo akuti kale sinkafa ngakhale imodzi."

"Mwina sakunama. M'kati mwa kachilomboka muli kaulusi konyamula malangizo a chibadwa chake. Kakamaswana kamakopera malangizowo mothamanga, ndipo kamalakwitsa, monga mmene mumachitira mukamakopera za mnzanu belu litalira. Zolakwika zambiri sizisintha kanthu. Koma zina zimakapatsa luso lozemba chitetezo cha m'thupi, kapena loswana msanga. Banja ndi limodzi, koma wina wofatsa, wina wolusa."

"Ndiye aka ndi kolusa?"

"Tikawerenga kaulusi kake ku labotale tidziwa mtundu wake, ndi katemera woyenera. Koma mtima uwu wandiuza kale zambiri."

"Nanga munthu akapaka dovu lake m'kamwa mwa ng'ombe zabwinobwino?"

Adokotala anaika mpeni pansi. "Ndani akufuna kuchita zimenezo?"

Mafunso anayang'ana zala zake za kumapazi. Mayiwo sanafunsenso. Anam'sambitsa manja ndi mankhwala, anamiza nsapato zake m'beseni, n'kumuuza kuti zovalazo akazichape akangofika, ndipo asayandikire chiweto chilichonse mpaka iwo atabwera kudzaona khola lawo.

Kunyumba anapeza bambo ake akukonza zingwe zomangira ng'ombe. Anafotokoza zonse mopanda kupuma, mawu akupondana. Bambowo ankangoluka mfundo, nkhope ili gwa, mpaka pamene anatchula za ana ang'ombe akufa.

"Aneba sanandiuze zimenezo."

"Afa masana ano, bambo."

"Wopanda chilonda?"

"Ndakanula ndekha."

Chingwe chinatsikira pansi. Bambowo anayang'ana kumene kunali chitini chija. Kenako, motsitsa mawu ngati akuopa kuti ng'ombe ziwamva, anafunsa, "Mizereyo inali yotani? Ndiye ukuti kachilombo kamasintha khalidwe ngati munthu?"

Madzulo asanafike, chisanza chinali chitapsa m'dzenje, ndi chitini chomwe. Mafunso anasamba, anasintha zovala, mtima uli m'malo. Ndiye kathole kanayamba kulira. Iye, mwachizolowezi, anatenga botolo n'kulunjika kukhola, koma pachipata anapeza amayi ake ataima, manja ali m'chiuno.

"Ukupita kuti? Si iwe wanena wekha kuti adokotala akuletsa?"

"Koma amayi, sikamwa kwa wina aliyense!"

"Bweretsa kuno, ndikamwetse ine," anatero bambo ake.

"Inunso, bambo ake, mwayenda ndi dovu tsiku lonse. Nonse awiri, uko!"

Anakakhala pabenchi, patali ndi khola, bambo ndi mwana wake ngati ana olangidwa. Amayi analowa ndi botolo. Kathole kananunkhiza, n'kutembenuza mutu, n'kulira koyang'ana kubenchi. Kanakana kachiwiri, kachitatu. Mafunso misozi inalengeza. Miyendo inkafuna kuthamanga, ndipo anagwiritsitsa benchi ndi manja onse awiri kuti asadzuke.

"Kaitane uli pompano," bambo ake ananong'ona. "Mawu alibe dovu."

Mafunso anaimba likhweru lake la masiku onse. Kathole kanaimika makutu, kanayang'ana mwini likhweru, kanayang'ana botolo. Kenako mchira unayamba kugwedezeka, ndipo ngakhale pabenchipo ankamva kakuyamwa.

Mafunso anapukuta maso ndi nsonga ya bulauzi. Bambo ake anatsokomola pang'ono.

"Adokotala akabwera," anatero, "iwe udikire kaye. Ndiyambe ine kufunsa."