Beseni la Zakiyya

Dzuwa likamapendeka ku Gugulethu, mumzinda wa Kepi, Sharifah ankasambitsa m'manja aliyense wa m'nyumba mwake m'beseni limodzi, kenako n'kukathira madziwo pakhomo pang'onopang'ono. Anansi ankati ndi ukhondo wa Amalawi. Sankadziwa kuti pansi pa khomo la kanyumba kamalata kaja panali botolo, ndipo m'botolomo munkakhala jini.

Analitenga chifukwa cha mantha. Matsotsi anali atathyola kanyumbako kawiri, ndipo mwamuna wake Hamdani ankatha masabata ali panyanja ndi maboti a nsomba a ku Hout Bay. M'nyumba munkatsala akazi awiri okha, Sharifah ndi mng'ono wake Zakiyya, mtsikana amene mayi awo anamutumiza kuchokera ku Machinga ndi mawu akuti umusunge ngati diso lako. Ndiye Sharifah anakagwada kwa Che Sultani, sing'anga wa kwawo. Mkuluyo anabwera masana, n'kuzungulira khomo ndi phulusa, n'kufukiza lubani mpaka onse akutsokomola, n'kuitana dzina limene analetsa akaziwo kulibwereza.

“Kulonda limalonda,” anatero Che Sultani akukwirira botolo. “Likanunkhiza madzi a m'beseni, lidziwa anthu ake. Wina aliyense wodutsa apa dzuwa litalowa, ndi nyama yake. Koma ndi labodza. Likakulankhula, usayankhe, usafunse kanthu.”

Linalondadi. Tsotsi woyamba anam'peza m'mawa ali chagada pafupi ndi mpope wamadzi, khosi litapotoka, m'kamwa muli phulusa. Wachiwiri sanafe, koma mpaka lero amangoyenda m'misewu akununkhiza zala zake. Mphekesera zinayamba. Ena ankati pabwalopo pamamveka fungo la lubani ndi nyama yopsa ngakhale palibe wophika, ena ankati malata amalira okha mphepo kulibe. Agalu anasiya kudutsako. Sharifah yekha ndiye ankagona tulo tabwino.

Koma munthu ndi munthu, ukam'letsa kuvundukula mphika ndiye wam'tuma. Tsiku lina akuthira madzi, anamva mawu ofewa kuchokera pansi, ngati a gogo wachifundo.

“Ndolo yako ili kuseri kwa chitofu.”

Anakaipezadi. Mawa lake mawuwo anati madamu amene ankawagwirira ntchito ku Parklands am'patsa jekete, ndipo anam'patsa. Zoona ziwiri zokhazo zinakwana. Sharifah anali atakhala pabanja zaka zambiri wopanda mwana, ndipo chilonda chimenechi chinkam'dya usana ndi usiku. Anagwada pakhomo, beseni lili m'manja, n'kufunsa ngati adzabereke.

“Iwe ayi,” linatero jini. “Koma mwana wa Hamdani ali kale m'nyumba muno. Tayang'ana mimba ya mng'ono wako.”

Kuyambira pamenepo maso ake anaona zimene ankafuna kuona. Zakiyya akakana chakudya, ndiye mseru wa pakati. Akagona masana, ndiye kulemedwa. Akaseka pafoni ndi alamu ake, Sharifah ankamva chidani chikukwera mpaka kukhosi. Sanam'funse. Kufunsa kukanam'patsa mwayi woyankha, ndipo Sharifah sankafuna yankho.

Lachisanu madzulo anatulutsa mabeseni awiri.

“Achemwali, lero bwanji awiri?” Zakiyya anafunsa.

“Wakula tsopano. Uzisamba m'lako.”

Mtsikanayo anamwetulira, akuyesa ulemu. Anasamba m'beseni latsopano, ndipo Sharifah anakataya madziwo kuchimbudzi. Pakhomo anathira ake okha. Mdima utagwa ndithu, anam'patsa ndowa.

“Kanditungire madzi pampope.”

“Panopa, achemwali? Kunja kukununkha.”

“Pita. Ukuopa chiyani pakhomo pako?”

Zakiyya anavala patapata n'kutuluka. Sharifah anamva ndowa ikugwa. Anamva kukwekwereza, ndi malata akunjenjemera khoma lonse, ndi fungo lija likulowa pansi pa chitseko. Kenako zikhadabo zinakanda chitsekocho cha m'munsi, ndipo kamawu kanaitana kuti achemwali, achemwali, katatu kapena kanayi. Sharifah anakhala pabedi maso ali pa loko wa chitseko, sanadzuke. Zinatenga nthawi yaitali kuposa mmene ankaganizira.

M'mawa pabwalo panadzaza anthu odzaona mtembo wa Zakiyya. Amalawi analoza chala mayi wokalamba mwini malo, akuti ndiye mfiti, nzika za dzikolo nazo zinaloza Amalawi. Mayi uja anam'phwanyira mawindo, ndipo anathawira kwa mwana wake ndi thumba limodzi. Sharifah palibe anam'ganizira. Ankalira mokweza kuposa onse, ndipo misozi yake inali yeniyeni, poti mtima wa munthu umatha kupha ndi kulira nthawi imodzi.

Thupi litabwezedwa kuchokera kupolisi, amayi a kumzikiti anasonkhana kuti alisambitse. Ankatsogolera ndi Abiti Rajab, mayi amene wasambitsa maliro ambiri a Amalawi m'Kepi. Sharifah, monga mbale, anaima kumutu atagwira jagi. Abiti Rajab anapisa dzanja pansi pa nsalu yofunda thupi, n'kuima kaye, n'kupempha thonje lina.

“Imfa yam'peza mwanayu ali kumwezi,” ananong'ona. “Tim'sambitse bwino.”

Jagi inagwa m'manja mwa Sharifah. Munthu wapakati sapita kumwezi, izi ngakhale iye wosabereka ankazidziwa. Amayi anam'gwira n'kum'khazika pansi, akuti chisoni chapyola muyeso, ndipo wina anam'pukuta nkhope ndi mpango wake.

Che Sultani sanapezekenso. Chipinda chawo chinali chotseka, ndipo oyandikana nawo anati anakwera basi ya ku Joni tsiku lomwe anamva za malirowo. Botolo linatsala pamene analikwirira, popanda wodziwa kulifukula.

Madzulo a tsiku loika maliro, Sharifah atakhala pakhomo, foni inalira. Anali mayi ake ku Machinga, mawu atasasa ndi kulira.

“Mwanawe, ndiuze chimodzi chokha. Anavutika?”

“Ayi, amayi. Anapita ali m'tulo.”

“Unali naye pafupi?”

“Ndinam'gwira dzanja mpaka pomaliza.”

“Mulungu akudalitse, mwanangu. Unam'sunga.”

Foni itaduka, pansi pa mapazi ake panatuluka kaphulusa, ndipo mawu ofewa aja analankhula mokondwa.

“Waphunzira msanga,” linatero jini.